Chaka Chimene Ndinakana Lumo

Sendezani dengu la nandoloyo kuno, ana inu, manja azigwira ntchito makutu akumva. Iwe Esinati, dzulo ndinakumva ukunong'onezana ndi Linesi kuseri kwa bafa. Mumandiyesa gonthi. Makutu anga amangosankha, sanafe. Mawu aja munkabwereza, infekishoni, infekishoni, ngati dzina la mlendo wochokera ku Limbe. Ife mawu amenewo tinalibe, koma chinthucho tinali nacho. Mkazi aliyense amene wakhalako pansi pano amadziwa kuti nthawi zina kumusi kumatuluka zoyera zopitirira muyeso, kumayabwa, mwina kumanunkha, ndipo umayenda ngati wabisa chakuba. Ndikuuzani za ine mwini, kuti muleke kuganiza kuti mwayamba ndinu.

Ine sindinabadwire kuno. Ndinawoloka Ruo ndili kumsana kwa amayi anga, tikuthawa Apwitikizi ndi chikoti chawo. Amayi anatha ndi chimfine chachikulu chija chinabwera nkhondo ya Ajeremani itangotha, ndipo amene anandilera ndi akulu awo, amayi aakulu aNamakhula. Ana awoawo analibe. Anali mkazi wamtali, wa mphini m'masaya, wosaseka chisawawa. Dzina langa la ubatizo, Elube, sanalitchulepo mpaka imfa yawo. Ankangoti mwanaka, ndiye kuti mwana wanga m'Chilomwe. Pamudzi wathu, kumunsi kwa esiteti ya tiyi ya ku Nchilamwela, mwana aliyense anabadwira m'manja mwawo. Ndiwonso ankasunga lumo.

Malo amene tinamangapo sanali athu. Anali a mzungu wa esiteti, ndipo kuti nyumba yako iime, unkayenera kumugwirira thangata. Ukajomba masiku ambiri, kapitawo ankabwera ndi anthu kudzasasula denga. Masiku ano mumaona othyola tiyi atavala mapulasitiki ndi majombo, n'kumati akuvutika. Akuvutikadi. Koma ife tinali ndi nsalu imodzi ya biriwita ndi chiguduli kumutu. Chitsulo cha njanji chikalira m'mawa, unkalowa m'mizere mame akufika m'chiuno. Dzinja inali mvula, mvula ikatha chiperoni. Nsalu ija sinkauma. Unkagona nayo yonyowa, n'kudzuka nayo yonyowa.

Kamba wa kumunda anali makaka owiritsa dzulo lake, kapena kalongonda wogona, n'kumwera madzi a mumtsinje. Kalongonda inu mumangomupeza pamsika ataphikidwa kale m'kambale. Amafuna tsiku lathunthu pamoto ndi kutaya madzi kangapo. Ukamufulumizira umaledzera naye mpaka kuona anthu awiriawiri. Iwe Linesi, ndi kupupuluma kwako kuja, ukanapha banja sabata yoyamba.

Agogo anu aamuna, aYohane, amene munawapeza ali ndi ndodo ndi buku la nyimbo kukhwapa, nthawi imeneyo anali mnyamata wowonda wowaza nkhuni za kufakitale. Anandikwatira n'kudzamanga pafupi ndi amayi aakulu, monga mwa mwambo wathu. Nditabereka mwana woyamba, wamwamuna, zoyera zija zinayamba. Ndinkang'amba tinsanza n'kumadzitchinga, ndikachapa n'kuyanika pansi pa mphasa kuti asaone munthu. Mwana atakwana miyezi itatu anatentha thupi. Amayi aakulu anandifunsa funso limodzi, ngati ndikuyabwa, ndipo nditavomera anati, "Mauka."

Chikhulupiriro chinali chakuti mkazi akamayabwa ndi kutuluka zoyera, ndiye kuti kumusiko kwamera tinthu, ndipo tinthuto timapatsira mwana malungo kudzera m'bere. Mankhwala ake kunali kudula. Ankakutengera kuseri kwa nthochi, kukugoneka pamkeka, amayi awiri agwira miyendo, wina mapewa, mzamba n'kudula ndi lumo, n'kupaka phulusa la mizu.

Anandidula. Mwana anamwalirabe patapita masiku anayi. Ine ndinatupa, ndinagona mwezi wathunthu, ndipo kutaya madzi kunali ngati kukhalira makala. Anthu anati tinachedwa kudula, inenso ndinavomera kuti tinachedwa. Musaganize kuti amayi aakulu anali munthu woipa. Iwonso anadulidwa ndi amayi awo, ndipo mwezi wonsewo ndiwo ankandisambitsa ndi kundimwetsa phala.

Patapita zaka ziwiri mzungu anafuna kukuza fakitale, ndipo anaitanitsa kalipentala kuchokera ku Beira woti adzakhome mathandala oyanikapo masamba. Tinkayembekezera Mmwenye kapena Mpwitikizi. Amene anatsika pagalimoto ya katundu anali Mtchaina wamfupi, ndi bokosi la zipangizo, ndi mkazi wake. Anthu otere tinali tisanawaonepo. Mkaziyo ankavala thalauza lakuda ngati mwamuna, ndipo amayi a pamudzi anakamba za thalauzalo mwezi wathunthu. Dzina lake lenileni linatikanika. Chimene tinkamva mwamuna wake akamuitana chinali ngati Moyi, basi tinkangoti aMoyi. Anali wamkulu kwa ine, tsitsi litayamba kuyera m'mbali. Ana ake anawasiya ku Beira kwa abale.

Anawapatsa kanyumba ka njerwa kuseri kwa fakitale. AMoyi anapempha kachigawo ka dambo pafupi ndi pamene tinkachapira, nalima ndiwo zachilendo m'mizere yowongoka ngati ayeza ndi chingwe. Ankathirira ndi zitini ziwiri zolendewera pansungwi imene ankaiika paphewa. Ku Beira anakhalako zaka zambiri, choncho Chisena ankachilankhula, chodukaduka koma chomveka. Ine Chisena ndinkachimva kwa anthu a kuchigwa amene ankakwera ndi nsomba zouma ndi mchere. Mawu akasowa, manja ankathandiza. Ndikamakuuzani zimene ananena, ndikuziwongola m'chilankhulo chathu.

Nthawi imeneyo n'kuti nditabereka Marita, amayi ako iwe Esinati, ali ndi miyezi iwiri. Zoyera zinali zitabweranso kuposa poyamba. Msana unkandiwawa ngati ndasenza mtolo tsiku lonse, miyendo yolemera, ndipo sindinauze aliyense chifukwa mkeka uja ndinkaukumbukira.

Loweruka lina masana ndinatsalira ndekha pochapira. Ndinatulutsa tinsanza tanga pansi pa zovala zina n'kuyamba kuchapa mofulumira. Sindinadziwe kuti aMoyi aima kumbuyo kwanga ndi zitini zawo.

"Za mwezi?" anandifunsa.

Ndinati iyayi, ndipo ndinafuna kuti nthaka indimeze.

"Masiku onse?"

Ndinagwedeza mutu.

Anatula zitini, nanena ngati akunena za mbozi m'ndiwo. "Kwathu akazi ambiri. Amayi anga ankachiza. Tiye."

Ndinawatsatira, Marita ali kumsana. M'khitchini mwawo munali fungo la makungwa ndi utsi. Anandikhazika pampando, napinda kansalu, naika dzanja langa pamenepo chikhatho chitayang'ana kumwamba. Anaika zala zitatu pamkono, apa pamene mtsempha umagunda, n'kutseka maso. Anakhala choncho nthawi yaitali, mwina akanikiza, mwina apepuza, mpaka ndinayesa agona. Kenaka dzanja linalo chimodzimodzi. Atatha anatulutsa lilime lawo kundionetsa choti ndichite. Ndinatulutsa langa. Analiyang'ana pamwamba, m'mbali, nandionetsa pakagalasi kuti m'mphepete mwake munali madindo a mano ndipo pamwamba panali poyera ngati pathiridwa ufa.

Ndiye anayamba mafunso. Zotulukazo n'zoyera, zachikasu, kapena zili ndi magazi? N'zamadzimadzi kapena zolimba? Zikununkha? Mapazi amazizira? Ludzu limandigwira? Kuthengo ndimapita motani? Ndimadya chiyani kumunda? Mwamuna wanga akumva kuwawa potaya madzi? Munthu anali asanandifunsepo zotere. Kwathu matenda ako ankakuuza ndi wamkulu, iwe mwini sunkafunsidwa. Ndipo nsalu yanga aMoyi sanaikhudze n'komwe.

Anandifotokozera ndi mphika umene unali pamoto. Anati m'mimba mwa munthu muli ngati mafuwa. Moto ukakhala wokwanira, chakudya ndi madzi zimapsa n'kusanduka mphamvu. Moto ukachepa, madzi amangodikha m'thupi, ndipo madzi njira yake ndi kumunsi. Anatinso mkazi ali ndi lamba wosaoneka wozungulira m'chiuno amene amagwira zam'kati, ndipo chinyezi chikamulemera amakhwepa, zinthu n'kumatsika. Zimenezo sizinandivute kumva. Ife tomwe tinkavala mikanda pamalo omwewo.

"Zoyera, zopanda fungo, mapazi ozizira, ndiko kuzizira ndi chinyezi. Zako ndi zimenezo," anatero. "Zachikasu zonunkha ndi kutentha, mankhwala ena, ndipo kawirikawiri mwamuna amwe nawo. Zofiira..." Apo anangopukusa mutu, osamaliza.

Ndinawauza za lumo. Poyamba sanamve. Nditawaonetsa ndi manja, anati, "Denga likudontha, iwe ukukumba pansi."

Anatsegula bokosi lamatabwa limene mwamuna wawo anawakhomera, la timadirowa tambiri. Zambiri zinali zochokera kwawo kudzera ku Beira, ndipo ankazitapa mosamala, poti zikatha kunalibe kokagula. Munali tizidutswa toyera touma tonga chilazi, njere zonga mapira akuluakulu, kena konga bowa wouma koyera ngati choko, ndi muzu wotuwa wonunkhira. Zina zinali zathu zomwe: makoko a nachesi oumika mpaka kuda, ndi jinja. Anamanga timapukusi tisanu ndi tiwiri. Anati kalikonse ndithire makapu atatu a madzi mumphika wadothi, osati wachitsulo, ziwire mpaka patsale kapu imodzi, ndimwe zotentha. Anandipatsanso muzu wina wachikasu wowawa kwambiri, woti ndiziwiritsa n'kumatsukira kunja kokha, osamwa.

Kenaka anandigoneka pabenchi, natenga masamba ouma opota ngati fodya wa chingambwe, nayatsa nsonga yake. Nditaona moto ndinadzuka. Anaseka, nauyandikiza pamkono pawo kundionetsa kuti sukhudza khungu. Anauzunguza pang'onopang'ono pansi pa mchombo, kenaka kunsi kwa mawondo. Kutentha kwake kunkalowa mpaka kumsana. Chiyambire mvula chaka chimenecho, linali tsiku loyamba kumva kufunda.

Malamulo ndiwo anali ovuta kuposa mankhwala. Chakudya chogona ayi, madzi ozizira ayi, chinangwa chachiwisi ayi. Tinsanza ndiziwiritsa n'kuyanika padzuwa poyera, osati pansi pa mphasa. Mwamuna adikire mwezi. Ndipo mwezi womwewo ndisaime m'tiyi wonyowa.

Madzulo ndinawauza agogo anu. Anamvetsera akusema mpini, osandiyang'ana.

"Zodikira mwezizo ndamva, amake Marita," anatero. "Koma mizere yanu athyola ndani? Kapitawo satidikira."

"Sindikudziwa."

Anapitiriza kusema. Mawa lake anapita kwa kapitawo okha. Zimene anakambirana sanandiuze, koma kuyambira tsiku limenelo ankalawirira kunkhuni, akamaliza n'kutenga dengu langa kukalowa m'mizere ya amayi. Zala zawo zinali zozolowera nkhwangwa, ankathyola ndi nthambi zomwe, ndipo amayi aja ankawaseka kuti, "Amake Marita amera ndevu." Dzina limenelo linawakhala zaka. Inu munkamva anzawo okalamba akuwaitana aNdevu n'kumayesa ndi chifukwa cha ndevu.

Amayi aakulu anaona tinsanza pachingwe, anamvanso fungo la mphika. Ankangoyang'ana. Itatha sabata yachiwiri kuyabwa kunachepa, msana unapepuka. Sabata yachitatu Marita anatentha thupi.

Anakana bere, maso analowa, kulira kwake kunali ngati kwa mwana wa mphaka. Amayi aakulu anabwera, namugwira pamphumi, nati, "Wamwetsa mwana mizu ya anthu osadziwika, mauka ukuwasunga. Mawa m'mawa kuseri kwa nthochi. Ndauza kale amayi ogwira."

Masana omwewo ndinathamangira kwa aMoyi. Anamuvula mwana, namugwira pamimba kumanzere, nayang'ana m'maso ndi kukamwa.

"Izi si zako," anatero. "Awa ndi malungo a dziko lino. Mwamuna wanga amadwala omwewa, kodi iye ali ndi zoyera? M'bokosi langa mulibe za mwana uyu. Pita ku mishoni, ali ndi kwinini. Usachedwe."

Ndinawapempha kuti angoyesako chilichonse. Anakana. Anati munthu azidziwa pamene munda wake wathera.

Kutacha, ndinamanga Marita kumsana, agogo anu atenga ndodo ndi chikho cha madzi. Potuluka tinapeza amayi aakulu ataima pabwalo ndi amayi atatu, mkeka uli kukhwapa.

"Ukupita kuti, mwanaka?"

"Ku mishoni, amayi."

"Uyambe wagona apa, ukatero upite kumene ukufuna."

"Sindigona."

Mawu amenewo anatuluka okha. Chibadwire ndinali ndisanawayankhepo choncho. Amayi atatu aja anayang'ana pansi.

"Woyamba uja tinamuika chifukwa cha kuchedwa," anatero amayi aakulu, mawu awo osakwera. "Uyu akapita, usadzati ndi Mulungu. Ndiwe."

"Woyamba munandidula, anapitabe."

Anatembenukira kwa agogo anu. "Inu akamwini, mukuti bwanji?"

Mkamwini pamudzi wa eni ake sayankha zotere. Agogo anu anavula chipewa, nati, "Amayi, dzuwa likukwera, mwanayu akupsa." Basi tinadutsa.

Ulendo wake unali wa m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kukwera ndi kutsika, m'tiyi, m'mabulugamu, kuwoloka timitsinje todzaza. Inu mukapita kuchipatala mumadandaula kuti minibasi yachedwa. Njira yonse ndinkangomvetsera mpweya wa mwana pakhosi panga. Ndinkadziwa kuti akafera kumsanako, kumudzi kulibenso kobwerera. Ku mishoni tinapeza bambo wina wachikuda wovala zoyera, amene anasungunula kwinini pasupuni n'kumutsina mwana mphuno. Tinakhalako masiku asanu, tikugona m'chisakasa cha odikirira odwala. Tsiku lachitatu Marita anagwira bere.

Titabwerera, amayi aakulu anamuyang'ana mwana ali kumsana, osamunyamula. Sanakalipe. Anangosiya kudya nane. Chaka chathunthu tinakhala makomo oyang'anizana, moni wa m'mawa yekha. Pamudzi ena ankati ndapenga ndi mankhwala a Mtchaina, ena ankabwera mobisa kudzafunsa kuti mphika uja ndimathiramo chiyani.

Mukandifunsa chimene chinandichiza, sindinama, sindikudziwa. Mwina ndi mizu ija. Mwina ndi kuwiritsa tinsanza ndi dzuwa. Mwina ndi mwezi uja ndinakhala wouma ndikudya zotentha, chinthu chimene mkazi wa pa esiteti sankachiona. Chilimwe chitafika zinali zitatheratu. Zaka zina mvula ikachuluka zinkabwerako pang'ono, ndipo ndinkawiritsa jinja ndi makoko a nachesi, poti zinazo zinapita ndi mwini wake. Anamwino a masiku ano amati zina ndi tizilombo, zina zimachokera kwa amuna, ndipo ali ndi mapiritsi ake. Sinditsutsana nawo. AMoyi omwe akanakhala ndi chipatala pafupi ngati inu, sindikhulupirira kuti akanakuletsani.

Dzinja lotsatira, tsiku lina ndikupalira chimanga kuseri kwa nyumba, ndinaona amayi aakulu akubwera ndi khasu. Anayamba kupalira mzere woyandikana ndi wanga. Ndinaona kuti awonda, ndipo mphepo itatembenuka ndinamva fungo. Tinafika kumapeto kwa mzere, iwo anakhala pansi.

"Mkazi wako wa thalauza uja," anatero, "amaona ndi akuluakulu omwe?"

"Amaona, amayi."

"Ine kumwezi ndinasiya iwe usanathe msinkhu. Tsopano zabweranso. Si magazi enieni. Ndi madzi ofiirira, ndipo sakuleka."

"Zinayamba liti?"

"Usanabereke Marita."

Ndinawerenga mumtima. Tsiku lija anaima pabwalo ndi mkeka, n'kuti iwo eni akuchapa tinsanza mobisa ngati ine. Anandiuzanso kuti anayesa mizu yonse imene ankaidziwa, ndipo kawiri anadzidula okha.

Tinapita Loweruka, podzera njira ya kudambo kuti anthu asatione. AMoyi anawalandira ndi manja awiri, nawapatsa mpando wa mwamuna wawo. Anadziwa kuti awa ndi a lumo aja, koma sanaonetse. Anapinda kansalu kaja, naika zala zitatu. Anakhalitsa kuposa tsiku langa. Anaona lilime. Anafunsa mafunso, ine ndikumasulira m'Chilomwe, ndipo ndinamva zinthu zimene mwana samva za kholo lake. Kenaka anapempha kugwira pamimba. Anakanikiza pansi pa mchombo, dzanja lawo linaima pamalo amodzi.

Bokosi lija sanalitsegule. Anapita pamoto, nathira madzi otentha m'makapu atatu ndi timasamba ta tiyi, natipatsa. Ife othyola tiyi sitinkamwa tiyi, ndipo kwa amayi aakulu kanali koyamba. Anamwa pang'ono, nakwinya nkhope.

"Mufunse," anandiuza. "Anene zoona. Ine ndauzapo anthu ambiri."

Ndinafunsa. AMoyi anayankha akuyang'ana iwo, osati ine.

"Ichi si chinyezi. M'kati mwamera chinthu cholimba, ndipo chakula. Amayi anga sankachitha, ine sindichitha. Ku mishoni mukhoza kupita, koma ndikuganiza kuti nawonso mochedwa. Ndikupatsani zotsukira kuti fungo lichepe, ndi zina zoti muzigona."

Ndinayamba kumasulira mozungulira, kuti akuti tiyese kaye zotsukira. Amayi aakulu anandidula mawu.

"Chisena ndimachimva, mwanaka. Mufunse ngati ndidya chimanga chili m'mundachi."

AMoyi anaganiza, nati, "Chachiwisi mudya."

Amayi aakulu anagwedeza mutu ngati amva mtengo wa mchere. Anamaliza tiyi yense ngakhale sanamukonde, naimirira, nawomba m'manja mwaulemu monga amachitira kwa mzamba mnzawo. Pobwerera tinafika pamtsinje. Pamenepo anati, "Amagwira bwino mkaziyu. Manja ake saopa." Kenaka anandiuza kuti ndiwapatse Marita, ndipo anamubereka okha mpaka kunyumba, akupuma kawiri panjira.

Ku mishoni tinawanyamula pamachira, ndipo kumeneko anatiuza zomwezo ndi mawu ena. Ndinawasamutsira m'nyumba mwathu. Ndinkawiritsa muzu wachikasu uja m'mawa ndi madzulo n'kumawatsuka, monga iwo anandichitira ine. AMoyi ankabwera ndi phala la mpunga lamadzimadzi, n'kukhala pakhonde, awiriwo osamvana bwino chilankhulo, akuonetsana mizu. Amayi aakulu ankatuma agogo anu kukakumba yakuti ndi yakuti, aMoyi n'kuinunkhiza, kuilawa, ina kuilavula. Mondokwa anadyadi, awiri, ndinawaotchera ndine. Anamwalira chimanga chisanaume.

Fakitale itatha, kalipentala ndi mkazi wake anakwera galimoto yomwe ija kubwerera ku Beira. Ndinawapititsira mazira ndi nkhuku, iwo anandisiyira mbewu za ndiwo zawo, zimene zinabereka zaka ziwiri n'kutha. Sindinamvenso za iwo. Kulemba sindinkadziwa, ndipo dzina lawo lenileni sindinalidziwe.

Mwezi wa maliro a amayi aakulu utatha, amayi atatu aja anabwera pakhomo ndi mtsikana wina wa pamudzi, mwana wake akutentha thupi. Anati ntchito ya malemu yatsala m'manja mwanga, poti ndine ndinaleredwa nawo ndipo ndinkaona zonse. Ndinati kubereketsa ndikuthandizani, koma iyi ya lumo sindiidziwa. Ndinamuuza mtsikanayo njira ya ku mishoni, ndi kuti agogo anu akhoza kumuperekeza. Anayang'ana apongozi ake, amene anali mmodzi mwa amayi atatuwo, anayang'ananso ine. Mawa lake amayi aja anapita naye ku Thekerani kwa mzamba wina, ndipo kumeneko anakamudula. Mwana wake anachira, ndipo anthu anati mwaona.

Ndiye musamve ngati ndinasintha mudzi. Mudzi unapitiriza monga unalili, ndipo ndikumva kuti m'midzi ina mpaka lero akadachita. Chimene ndinatha ine n'chochepa. Ndinabereka ana aakazi anayi, onse anakula, onse anaberekanso, ndipo zoyera zinawapezapo monga zimapezera mkazi aliyense. Ankabwera kudzandiuza masana, pakhomo, ndi mawu awo. Palibe mmodzi mwa iwo amene anagonapo kuseri kwa nthochi.